Nambala ya 384 ija si ya case-control, ichotseni

Yabwera imelo kuchokera kwa mlongo wina amene akuchita masters ya zaumoyo kuno ku Lusaka. Akufuna kufufuza ngati kumwa madzi a m'zitsime zosazama kukugwirizana ndi kudwala kolera ku komboni ya Kanyama, ayerekeza anthu amene anadwala ndi amene sanadwale (kafukufuku wotere ndiye amatchedwa case-control), ndiye akufunsa kuti, "Ndalemba anthu 384 mu proposal, kodi akwana?"

Mlongo wanga, 384 imeneyo ichotseni msanga musanapite nayo ku UNZABREC, komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo pa University of Zambia. Nambalayo imatuluka mu fomula ya survey, pamene mukungofuna kudziwa kuti pa anthu 100 aliwonse ndi angati ali ndi vuto linalake, mumaika 50% ndi malire a 5% basi 384 yatuluka. Koma inu simukuwerenga kuchuluka kwa kolera ayi. Muli ndi magulu awiri, odwala ndi osadwala, ndipo mukuyang'ana kumbuyo kuti ndani amamwa madzi a pachitsime, monga mmene ofufuza Doll ndi Hill anachitira ku London mu 1950 pa nkhani ya fodya ndi khansa ya m'mapapo. Funso ndi lina, masamu ake ndi enanso.

Masamu a case-control amafuna nambala zinayi. Ziwiri mwa izo pafupifupi aliyense amagwirizana nazo, confidence (kutsimikizika kwa zotsatira) ya 95% imene imapereka 1.96 mu fomula ndi power (mwayi wopeza kusiyana ngati kulipodi) ya 80% imene imapereka 0.84. Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa ziwiri zotsalazi: pa anthu osadwala aja ndi angati amamwa madzi a pachitsime, komanso odds ratio (muyeso wa kukula kwa kugwirizana pakati pa kumwa madziwo ndi kudwala) yaing'ono kwambiri imene simukufuna kuti ikudutseni osaiona ndi iti.

Tingoyerekeza kuti 20% ya osadwala amamwa madziwo ndipo mwasankha odds ratio ya 2. Zikatero odwala amene amamwa madziwo akhala pafupifupi 33%, ndipo fomula ya Kelsey, imodzi mwa zowerengera anthu ofunika pa case-control, ikupatsani odwala 173 ndi osadwala 173. Tsopano taonani apa. Mukatsitsa odds ratio kufika 1.5 gulu lililonse likwera kupitirira 530, mukaikweza kufika 3 litsika mpaka 65. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera m'mayesero, amaika 3 kapena 4 kuti nambala ichepe chifukwa ndalama za transport ndi za ma assistant palibe, ndimamvetsa ndithu, koma ngati kusiyana kwenikweni kuli kwa 1.8 kafukufuku wanuyo akhoza kubwera ndi yankho lakuti palibe kugwirizana, munthu wina nkuwerenga nkumaganiza kuti madzi a pachitsime alibe vuto. Zimenezo kwa ine ndi zowawa, chifukwa tonse tinaona mmene Heroes Stadium kuno ku Lusaka inadzazira odwala kolera mu January 2024.

Ndiye 20% ija musaitole m'mutu. Ndaiika ngati chitsanzo chabe. Ifuneni mu kafukufuku wakale wa dera lomwelo, kapena chitani ka pilot, mufunse makomo angapo kaye. Ku komboni ina pafupifupi aliyense amatunga pachitsime madzi a pa kiosk akasiya kutuluka, ndipo chinthu chikakhala cha aliyense chonchi kusiyanitsa magulu awiriwo kumavuta, anthu ofunika amachulukanso.

Ngati odwala akusowa, onjezerani osadwala. Pa chitsanzo chomwechi, osadwala awiri pa wodwala mmodzi zikufuna odwala 123 ndi osadwala 246. Kupitirira anayi pa mmodzi phindu lake ndi lochepa kwambiri, mungotaya mphamvu. Ndipo mukasankha matching, mwachitsanzo zaka zofanana ndi khomo loyandikana, fomula yake ndi ina, musagwiritse imeneyi.

Masamu musavutike nawo pamanja, mapulogalamu monga OpenEpi pa intaneti kapena StatCalc ya mu Epi Info ndi zaulere. Kenako ganizirani okana kuyankha ndi osamuka, mukayembekeza kutaya 10% mugawe 173 ndi 0.9, mupeza 193 gulu lililonse. Mu proposal lembani nambala zonse zinayi ndi kumene mwazitenga, chifukwa a komiti ndi a NHRA, bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, akhoza kufunsa pomwepo.