Kodi mwana angakwere njati? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Nkhotakota

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Nkhotakota. Iwo alemba kuti: "Ophunzira anga andionetsa vidiyo ya pa Facebook ya kamwana ka ku Cambodia, mwina ka zaka 7, kali pamsana pa njati yomwe ikuwoloka dziwe. Ine ndawauza kuti n'zopanga pakompyuta chifukwa njati sikwereka, koma akunditsutsa. Zoona n'ziti? Ngati n'zoona, makolo angalekerere bwanji mwana pa chilombo chotere, nanga kusukulu amapita nthawi yanji?"

Amayi, pepani, mlanduwu awina ndi anawo. Koma nanunso simunalakwe kwenikweni. Njati imene mukuidziwa inu, ya ku Liwonde, ku Majete kapena ku South Luangwa, palibe anaiwetapo, ndipo amene angayese kuikwera tikamuika m'manda. Ya ku Cambodia ndi mtundu wina. Ndi njati ya m'madzi, chiweto chimene anthu a ku Asia akhala nacho pakhomo kwa zaka masauzande, ndipo m'chinenero cha Akhmer, mtundu waukulu wa anthu a ku Cambodia, imatchedwa krabei. Nyanga zake ndi zazitali zokhotera kumbuyo, thupi lotuwa moderako, ubweya wapatalipatali. Yaikulu imalemera makilogalamu 400 kapena kuposa, koma ikakhala ndi chingwe cha m'mphuno imatsatira mwana amene mutu wake sufika n'komwe pamsana pake. Chodabwitsa n'chakuti imadziwa anthu ake. Mlendo akaiyandikira imatukula mphuno n'kumupenyetsetsa moopseza, pamene mwana wa pakhomopo amaponda pakhosi kapena kugwira mchira n'kukwera, iyo ili phee, ikubzikula.

Chimene ndikufuna muwauze ana anuwo n'chakuti mnzawo wa m'vidiyoyo sakusewera. Ali pantchito.

Njati ya m'madzi situlutsa thukuta lokwanira kuziziritsa thupi lake, ndipo khungu lake lakuda limakoka dzuwa. Ku Cambodia kumatentha koopsa, makamaka mu Epulo. Ndiye tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo iyenera kulowa m'madzi kapena kugubuduka m'matope, apo ayi imalefuka, mwinanso kufa. Matopewo akauma pathupi amaitchinjirizanso ku ntchentche ndi udzudzu. Bambo amalima nayo mbandakucha, kukayamba kutentha amaimasula goli, ndipo kuyambira pamenepo ndi ya mwana. Iye ndiye aipititse kudziwe, aitsuke msana ndi udzu, aichotse misundu, kenako aidyetse msipu wa m'timizere tolekanitsa minda ya mpunga. Apa m'pamene pagona ntchito yeniyeni. Mpunga ukakhala m'munda, malo odyetsera amachepa kwambiri, ndipo njati ikangotembenuza mutu n'kumweta mbande za mwini, mkangano wabuka pakati pa mabanja awiri. Mwana amakwera pamsana kuti aziona patali, kuti asaponde njoka kapena minga, komanso chifukwa miyendo yatopa. Kukamada amaibweretsa kunyumba. Nyumba zambiri za kumidzi ya Akhmer ndi zam'mwamba, zomangidwa pa nsanamira zazitali chifukwa cha madzi osefukira, ndipo ziweto zimagona kunsi kwake kapena pambali. Amazisonkhera moto wa utsi wothamangitsa udzudzu, ndipo nthawi zambiri wokoleza ndi mwana yemweyo.

Sikuti zonse ndi thukuta ayi. Abusa amayenda m'magulu, atamanga kumutu kansalu ka mizeremizere kotchedwa krama, kamene kamakhala chipewa, thawulo ndi thumba nthawi imodzi. Njati zikamira m'matope mpaka kungotsala mphuno, akakowa atatera pamsana, anawo amafukula nkhanu m'mauna a m'mbali mwa munda, kutola nkhono, kugwira achule ndi tinsomba. Zimenezi ndiye ndiwo za madzulo, zodyera mpunga pamodzi ndi prahok, nsomba yosasitsa ndi mchere imene imapezeka pafupifupi m'khitchini iliyonse kumeneko. Mwana wobwera ndi njati yokhuta komanso nkhanu zodzadza krama wagwira ntchito ya munthu wamkulu.

Mungafunse kuti bwanji osangoweta ng'ombe. Amaweta, ndipo ng'ombe ndiye zambiri kuposa njati. Koma m'malo a madzi ambiri, monga m'zigwa za mtsinje wa Mekong ndi kuzungulira nyanja ya Tonle Sap, imene nthawi ya mvula imatambasuka kuposa kanayi kukula kwake, ng'ombe imatitimira pamene njati ikungoyenda, chifukwa ziboda zake ndi zotambalala. Mkaka imatulutsa wochepa, ndipo Akhmer saiwetera zimenezo. Amaiwetera pulawo, ngolo, manyowa, komanso ndiye banki ya banja: matenda akagwa, ukwati ukayandikira kapena ngongole ikathina, amagulitsa njati. Imatenga bere miyezi 10 kapena 11 n'kubereka mwana mmodzi, kotero ikafa ndi matenda a nthawi ya mvula, banja limabwerera m'mbuyo zaka zingapo. Taganizirani tsono, chuma chonsecho achipereka m'manja mwa mwana wa sitandade 2.

Za sukulu, yankho ndi lakuti amapita, ambiri ndithu. Sukulu zambiri za boma za pulayimale zimaphunzitsa m'magulu awiri, ena kuyambira 7 koloko mpaka 11, ena 1 koloko mpaka 5, ndiye theka la tsiku limatsalira ziweto. Ngati pakhomo pali ana awiri amasinthana. Pamavuta ndi pa nyengo yowokera ndi yokolola, pamene manja onse amafunika kumunda, komanso mwana akamaliza giredi 6, kalasi yomaliza ya pulayimale kumeneko, pamene sukulu yotsatira ili kutali ndipo makolo ayamba kuwerengera phindu. Inu a chalk m'manja zimenezi mukuzidziwa kuposa ine, kaundula wanu amasonyeza yekha mwezi umene mpunga wacha ku Nkhotakota.

Funso lanu loti makolo angalekerere bwanji lili ndi nzeru, kungoti choopsa si njatiyo. Choopsa choyamba ndi madzi. Kumira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha ana ambiri ku Cambodia, ndipo mvula ikagwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, maenje ndi ngalande zimabisika pansi pa madzi a matope. Chachiwiri ndi mphenzi, imene chaka chilichonse imapha anthu ndi ziweto m'minda yopanda pobisala. Chachitatu ndi chotsalira cha nkhondo. M'zigawo za kumpoto chakumadzulo monga Battambang ndi Banteay Meanchey munakwiriridwa mabomba ambirimbiri, ndipo ena mwa amene aduka miyendo ndi ana amene ankangotsatira chiweto chosochera kutchire. Abale athu a ku Mozambique nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Makoswe akuluakulu onunkhiza mabomba a bungwe la APOPO, amene amaphunzitsidwa ku Morogoro ku Tanzania, anathandiza kuyeretsa Mozambique mpaka dzikolo linalengeza mu 2015 kuti lathana nawo mabombawo, ndipo makoswe a mtundu womwewo akugwira ntchito ku Cambodia.

Agogo a mwana wa m'vidiyoyo, ngati ali moyo, njati amaiona ndi maso ena. Pa ulamuliro wa Khmer Rouge, kuyambira 1975 mpaka 1979, pamene anthu pafupifupi 2 miliyoni anafa, munthu sankaloledwa kukhala ndi chiweto chakechake. Ana ankalandidwa kwa makolo n'kuikidwa m'magulu a ntchito, ndipo ambiri ntchito yawo inali yoweta ng'ombe ndi njati, ali ndi njala, akudziwa kuti chiweto chikasowa chilango chake n'choopsa. Ulamulirowo utagwa ziweto zinali zitachepa kwambiri, moti m'malo ena anthu ankakoka okha pulawo, ndipo m'ma 1980 mabanja ankalima m'magulu kuti abwerekane zochepa zotsalazo.

Ine sindigwirizana ndi amene amadandaula kuti mathalakitala ang'onoang'ono oyenda nawo pamanja, amene adzadza m'midzi masiku ano, akuwononga kukongola kwa dziko. Zoonadi njati zikuchepa, zambiri zagulitsidwa kwa ochita malonda a nyama, ndipo achinyamata apita kukagwira ntchito m'mafakitale osoka zovala ku Phnom Penh kapena kuwoloka malire kupita ku Thailand, kusiya ana ndi agogo amene sangathe kuthamanga ndi chiweto. Koma thalakitala safuna womusambitsa masana, ndiye mwana amapeza nthawi ya homuweki. Kuipa kwake n'kwakuti thalakitala sabereka, amamwa dizilo, ndipo kawirikawiri amabwera ndi ngongole.

Ngati ophunzira anu akufuna vidiyo ina yoti mutsutsane nawo, auzeni asake mpikisano wa njati wa m'mudzi wa Vihear Suor, m'chigawo cha Kandal, kufupi ndi Phnom Penh. Umachitika chaka ndi chaka pomaliza mwambo wokumbukira makolo akufa wa Pchum Ben, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Njati amaziveka nsalu zowala kumutu ndi kunyanga, ndipo anyamata amazithamangitsa mumsewu wopita kukachisi, opanda chishalo, atangogwira chingwe cha m'mphuno.