Yankho kwa amalume pa za anamgumi a kumadzi oundana

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mu minibasi kuchokera ku Area 25, phokoso lake simukanamva kanthu. Mwafunsa ngati n'zoona zomwe munamva pa wailesi, zoti kumadzi oundana kuja kungakhale mitundu ina ya anamgumi akuda ndi oyera aja amati orca, yomwe akatswiri sanaidziwebe. Ine ndikuti n'zotheka ndithu.

Koma musaganize za chilombo chobisala pansi pa nyanja chomwe munthu sanachionepo, ayi. Nkhani ndi yakuti onsewa anapatsidwa dzina limodzi, Orcinus orca, koma ukawayang'anitsitsa sali ofanana. Cha ku Antarctica kokha aliko magulu asanu. Ena amasaka anamgumi anzawo a minke, ena ndi nsomba basi. Amene amandigometsa ine ndi aja amadya nyama zonga akatumbu, zija amati seal. Nyamayo ikagona pa chibenthu cha madzi oundana, iwo amafola mzere, atatu kapena anayi, n'kusambira limodzi mwamphamvu, funde lake kuikokolola, khuvu m'madzi! Ana amakhala pomwepo kuonerera.

Tsopano mumvere izi. Mu 1955, anamgumi 17 anatsakamira pa gombe la Paraparaumu ku New Zealand. Mitu yobulungira, ndipo banga loyera lija limakhala pafupi ndi diso linali laling'ono zedi. Nkhani n'kuzilala. Patapita zaka pafupifupi 50, zithunzi zinaonetsa ena otero akuba nsomba pa mbedza za asodzi cha ku zilumba za Crozet, kumwera kwa nyanja ya Indian. Gululi analitcha D. Mpaka mu January 2019 ndi pomwe katswiri wa anamgumi Robert Pitman ndi anzake anawapeza amoyo kufupi ndi Cape Horn ku Chile, n'kutengako tizidutswa ta khungu kuti akayeze. Tisanaiwale, anayamba adikira kuposa sabata kuti namondwe adutse. Inu mwera mumaudziwa, ndiye kumeneko ndi mwera wa chaka chonse, kuzizira kwakenso koopsa. Angapiteko kawirikawiri ndani?

N'chifukwa chake funso lanu landikhudza. Inu mwakulira ku Salima, mukudziwa za mbuna. Ife a m'tauni timangoti tinsomba ta m'miyala, pomwe m'nyanja yathu muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limeneli, yambiri ilibe ngakhale dzina la sayansi. Ya ku Likoma ndi ya ku Cape Maclear imasiyana. Ngati zili choncho m'nyanja yomwe timapalasamo bwato tsiku ndi tsiku, nanga kuli bwanji komwe sitima imafika miyezi yochepa pa chaka?

Ngakhale mu 2024 akatswiri ena anati magulu awiri a kumpoto kwa nyanja ya Pacific ayenera kuwerengedwa ngati mitundu iwiri yosiyana, chifukwa sakwatirana, chakudya n'chosiyana, kaliridwenso n'kosiyana.

Loweruka ndikubwera, ndidzakuonetsani pa foni kanema wa funde lija. Muwapatse moni azakhali.