Mwana wanu sakutaya nthawi pophunzitsana luso ndi anzake

Bambo wina wa kwa Mkanda ku Mchinji wandilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe akuphunzira zojambula ndi zoumba ku Cape Town, amathera madzulo ambiri ndi ophunzira anzake ochokera m'maiko osiyanasiyana. Iye amawaonetsa kuumba mbiya monga anaphunzirira kwa agogo ake, iwonso amamuphunzitsa kujambula zithunzi ndi kuzikonza pa kompyuta. Bambowa akuopa kuti zimenezi zimulepheretsa maphunziro amene anapitira.

Bambo, mtima wanu ukhale m'malo. Pasukulu ya zaluso mphunzitsi amakumana ndi wophunzira kwa maola ochepa pa sabata, pomwe luso la manja limakhazikika munthu akamayesa mobwerezabwereza pafupi ndi wina amene akulidziwa. Mwana wanu akamaonetsa mnzake kukanda dongo, kukweza khoma la mbiya popanda makina ndi kuikulungiza ndi kamwala kosalala, amakakamizika kufotokoza zimene manja ake ankangochita mwachizolowezi, ndipo kufotokozako kumamuthandiza polemba ndi poyankha mafunso a aphunzitsi ake. Zimene akulandirazo n'zofunikanso kwambiri, chifukwa masiku ano ofuna kugula kapena kuonetsa ntchito ya waluso amayamba aona zithunzi zake pa intaneti, ndipo mbiya yokongola yojambulidwa mumdima siikopa munthu. Choncho mumulimbikitse kuti azisunga zithunzi za chilichonse chimene wapanga, pamodzi ndi tsiku komanso dzina la amene anapanga naye, kuti pasadzakhale mkangano wa mwini ntchito.

Chimene muyenera kumufunsa ndi chakuti kodi ntchito za m'kalasi akuzipereka pa nthawi yake, pakuti digiri idzachokera kumeneko. Ngati zotsatira zayamba kutsika, achepetse masiku okumana ndi anzakewo koma asawasiye.

Pa nkhani ya ndalama asamale. Chitupa cha ophunzira ochokera kunja ku South Africa chimalola ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata, kotero anthu akayamba kumulipira kuti awaphunzitse, ayambe wafunsa ku ofesi yoona za ophunzira akunja pasukulupo.

Pali chinanso chimene ndikuona kuti inu monga kholo ndinu woyenera kumulangiza. Anzake akamva kuti kwawo ndi ku Mchinji adzafuna kudziwa za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Zimene zimaoneka pabwalo, monga nyimbo, ng'oma ndi kavinidwe, angathe kuzifotokoza momasuka, ndipo ofuna kudziwa zambiri awalozere ku Kungoni ku Mua, m'boma la Dedza, kumene kwasungidwa mbiri ya gule ameneyu. Koma za kudambwe ndi za kuchinamwali zili ndi eni ake, ndipo asazisinthanitse ndi phunziro lililonse popanda chilolezo cha akuluakulu a kumudzi.