Chifukwa chake njanji inakhotera ku Mchinji n'kusiya Kasungu

Bambo wina wa ku Kasungu wandilembera imelo kufunsa chifukwa chake njanji inafika kuno ku Mchinji pomwe kwawo, kumene fodya amachita kusefukira m'zigafa, sikunamvekepo kulira kwa sitima ya pamtunda. Zikomo bambo, mwandikhudza pamtima, pakuti ine ndinakula ndikugunditsa khutu pachitsulo chotentha ndi dzuwa kuti ndimve sitima ikadali kutali, ngakhale amayi ankandikalipira.

Yankho langa ndi lakuti njanji ya dziko lino siinamangidwe kuti ilumikize maboma athu, koma kuti itulutse katundu kupita kunyanja yamchere. Inayambira kumwera, pamene kampani ya Shire Highlands Railway inamaliza njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kufika ku Blantyre mu 1908, chifukwa madzi a mtsinje wa Shire ankaphwera mpaka sitima zapamadzi kulephera kuyenda. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, unatsegula njira yosadukiza ya kudoko la Beira, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Apo inaima zaka zoposa makumi anayi, ngakhale kuti mu 1970 nthambi ya Nkaya mpaka Nayuchi inatipatsa doko lachiwiri la Nacala.

Likulu litasamukira ku Lilongwe, dziko la Canada linathandiza kuikokera kumeneko mu 1979, ndipo posakhalitsa inafika kuno. Koma tisadzinamize ife a ku Mchinji kuti ankafuna mtedza wathu, ayi, maso awo anali pa malire a Zambia. Kasungu anangotsalira chifukwa sali panjira yopita kudoko kapena kumalire amenewo, choncho mabelo ake anasiyidwira malole.

Nafenso sitinapindule monga tinkayembekezera. Kachigawo kochokera pano kukafika ku Chipata, kosakwana makilomita 30, kanadikira mpaka mu 2010, ndipo ngakhale mpata wa pakati pa zitsulo za njanji zathu umafanana ndi wa TAZARA, njanji yolumikiza Zambia ndi Tanzania, mamilimita 1,067, ziwirizi sizinakumanebe. Sabata yatha ndinayenda wapansi m'mbali mwa njanjiyi madzulo, n'kupeza mbuzi zikudya udzu womera pakati pa zitsulo, ndipo ndisaname, nditaona kuti palibe wondiona, ndinagwada n'kugunditsanso khutu.