Mudzi wa ku Bulgaria wolankhula Chialubaniya

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti ku Bulgaria kuli mudzi umene nkhalamba zimalankhula Chialubaniya, chonsecho Bulgaria sanachite malire ndi Albania. Anafikako bwanji? Nanga iwowa ndi mtundu wanji?
— Mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito

YANKHO: Mayi, sanakunamizeni. Mudziwo ndi Mandritsa. Uli kummwera kwa Bulgaria, kufupi ndi tauni ya Ivaylovgrad, m'mphepete mwa mtsinje wa Byala Reka, poteropo ndi malire a Greece.

Chinawafikitsa kumeneko ndi mkaka. Mbiri ya mudziwo imati anaukhazikitsa mu 1636 ndi abusa a ziweto a ku Albania, Akhristu a mpingo wa Orthodox, amene ankaperekera zamkaka kwa asilikali a ufumu wa Ottoman, wa ku Turkey, umene unkalamulira deralo. Ngakhale dzinalo likuchokera ku mawu oti "mandra", malo okonzerako mkaka ndi tchizi. M'zaka za m'ma 1700 kunabweranso ena ochokera kudera la Korçë, kummwera kwa Albania, ndipo Chialubaniya cha m'mudzimo ndi cha kummwera, chimene amachitcha Tosk.

Kenaka anthuwa anayamba kuweta mbozi za silika, ndalama n'kuyamba kuoneka. Nyumba zawo ine zimandisangalatsa: zazidina koma zosanjikizana katatu, pansi ziweto, pakati mbozi, pamwamba eni nyumba. Matchalitchi awo awiri alipobe, lina la 1708, lina la 1835.

Funso lanu lachiwirilo ndiye lija lovuta. Pakhomo mayi ankakalipira mwana m'Chialubaniya. Mwana yemweyo akapita kusukulu ankaphunzira m'Chigiriki, Lamulungu wansembe ankapempheretsanso m'Chigiriki. Motero pofika zaka za m'ma 1800 ambiri ankadzitcha Agiriki, osaona chachilendo chilichonse. Nthawi ya Ottoman munthu ankadziwika ndi chipembedzo chake kuposa chinenero. Amene anadzavutika nazo ndi maboma atsopano amene analowa m'malo mwa ufumuwo, ofuna kuti aliyense akhale mtundu umodzi basi.

Nkhondo za ku Balkan, chigawo cha Ulaya kumene kuli maiko amenewa, zitatha mu 1913, mudziwo unagwera m'manja mwa Bulgaria. Mabanja ochuluka anasamuka n'kukafika ku Greece mu 1914, ena anawatsatira mu 1929. Kufupi ndi tauni ya Kilkis ku Greece komweko kuli mudzi wa Mandres, kumene ena mwa iwo anakakhazikika atanyamula dzina lakwawo. M'malo mwawo ku Mandritsa kunabwera anthu olankhula Chibugariya, nawonso othawa nkhondo kwina.

Ndiye mukandikakamiza kuti nditchule mtundu umodzi, ine ndikana, mayi. Abale a mimba imodzi anagawikana, wina lero zidzukulu zake ndi Agiriki, wina ndi nzika za Bulgaria, koma agogo awo onse ankalankhula Chialubaniya. Masiku ano ku Mandritsa anthu sakwana 100, ambiri ndi okalamba, ndipo nyumba zambiri zija za mbozi zili mabwinja.