Kosiyi ndi yabwino, koma samalani ndi amene akukuyang'anirani

Achemwali, mwafunsa za kosi ya maphunziro okhudza anthu othawa kwawo. Za m'kalasi musaope. Pangano la United Nations la 1951 loteteza othawa kwawo ndi ndime 33 yake yoletsa kubweza munthu kumene akukazunzidwa, Protocol ya 1967 yowonjezera pa panganolo, la OAU (bungwe lakale la mayiko a mu Africa) la 1969 lomwe linawerengeranso othawa nkhondo, la Kampala la 2009 la othawa osadutsa malire, zonsezo mudzaloweza n'kukhoza. Chinandipweteka ine ndi kafukufuku wa chaka chomaliza.

Aphunzitsi ondiyang'anira anangondipatsa fomu yoti anthu asaine, amvekere "pitani kukampu ya othawa kwawo, mukabwere ndi nkhani zogwira mtima." Basi. Mayi wina anandilandira bwino, n'kutulutsa jumbo m'munsi mwa matiresi, muli mapepala ake onse, ena othetheka m'mopindamo. Anafotokoza mmene anathawira usiku, mwana mmodzi kumbuyo, wina anamusiya panjira atamwalira. Womasulira naye mawu anamuthera. Titamaliza, mayiwo anandigwira dzanja n'kufunsa, "Ndiye tinyamuka liti?" Ankaganiza kuti ndachokera ku UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, kudzalemba mayina a opita kunja. Ine ndingogwira cholembera, pakamwa gwa! Ndinkadziwa kuti amene amapeza mwayi wokakhazikika dziko lachitatu pachaka safika ndi 1 peresenti yomwe. Ndikanawayankha chani?

Nditabwerera n'kuwafotokozera aphunzitsi aja, anangoseka, ati "mudzazolowera." Chaputala changa anakhala nacho miyezi osachitsegula, foni osayankha. Kenako ndinangoona mawu a mayi aja m'pepala limene iwo anakawerenga kumsonkhano, dzina langa mulibe. Munthu sanapondeko kukampuko! Mpaka lero ndikamva dzina lawo mtima umawira. Barbara Harrell-Bond, amene anayambitsa Refugee Studies Centre ku Oxford mu 1982, ankadzudzula khalidwe lomweli lochitira anthu othawa kwawo zinthu osawamvera, ndipo aphunzitsi anga ankamutchula m'kalasi mopanda manyazi.

Komabe lembetsani, musabwerere m'mbuyo. Kukampu pitani msanga, chaka choyamba chomwe ngati n'kotheka, chifukwa mabuku okha sakuphunzitsani kanthu. Musanayambe kufunsa anthu mafunso, nenani kangapo kuti ndinu wophunzira chabe, mulibe mphamvu pa mapepala a munthu. Phunzirani Chifalansa, Chiswahili kapena Chiarabu. Zojambula mawu ndi manotsi anu musapereke kwa aliyense musanagwirizane polemba za dzina lanu. Ndipo musakangane ndi okuyang'anirani ngakhale akupsetseni mtima chotani, malikisi ali m'manja mwawo.