Kodi microwave ingakute chitsulo kuti chisadyeke?

Funso: Ndimawotcherera zitsulo ku Chinamwali muno mu Zomba, ndipo ndamva kuti akatswiri akugwiritsa ntchito microwave pokuta zitsulo kuti zisachite dzimbiri kapena kudyeka msanga. Zimatheka bwanji, chikhalirecho foloko ikaiwalika m'menemo imathetheka moto?

Yankho: Bambo, zomwe mwamvazo ndi zoona. Chitsulo chathunthu chimabweza mafunde a microwave, koma chitsulo chopera ngati ufa chimatha kuwamwa n'kutentha. Mu 1999 ofufuza a ku Pennsylvania State University ku America anaonetsa kuti ufa wotere umagwirana n'kukhala chinthu cholimba ukautenthetsa motere.

Pokuta, amawaza ufa wa chitsulo chotchedwa nickel, nthawi zina wosakaniza ndi ufa wina wolimba kwambiri wotchedwa tungsten carbide, pamwamba pa chitsulocho, n'kuvindikira ndi kapepala kopyapyala ka graphite (monga ya m'kati mwa pensulo), kenako n'kuthira makala opera pamwamba pake. Makalawo, ofanana ndithu ndi a pambaula, ndiwo amayamba kumwa mafunde a microwave n'kutentha, n'kupatsira ufawo kutenthako, mpaka nawo umayamba kumwa mafundewo wokha, n'kusungunuka ndi kulumana ndi khungu la chitsulo m'mphindi zowerengeka. Graphite ija imatchinga kuti makala asadetse chokutiracho.

Njirayi ikadali kwambiri m'manja mwa ofufuza, ndipo imayenera tizidutswa ting'onoting'ono. Musayesere mu microwave ya kukhitchini, pakuti nickel imasungunuka pa kutentha koopsa kwa madigiri 1,455 Celsius. Pa mageti ndi mafelemu a mawindo, ndi chinyontho cha kuphiri kuno, kukwecha dzimbiri n'kupaka red oxide musanapake penti kudakali kothandiza.